Mawu akale a mu Macbeth: kodi ana angowaloweza?

Funso: Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera, ndipo chaka chino andipatsa Literature ya Fomu 4. Tili pa Macbeth. Ana akudandaula kuti chinenerochi si Chingerezi, ena akuti ndi Old English. Ndayamba kuwalembera pa bolodi mawu monga "thou", "hath" ndi "anon" kuti aloweze. Kodi njirayi ndi yothandiza? Nanga anthu a nthawi imeneyo ankayankhuladi chonchi?

Yankho: Aphunzitsi, mndandanda wanuwo musaufufute, koma musaudalire kwambiri. Mawu monga "anon" kapena "aroint" salakwitsa mwana. Akawaona amaima yekha, n'kuyang'ana tanthauzo pansi pa tsamba kapena kukufunsani inu. Amene amam'gwetsa ndi mawu omwe akuganiza kuti amawadziwa kale. Awa ali ngati mbuna yokwiriridwa ndi masamba: mwana amapondapo akuthamanga, ndipo sazindikira n'komwe kuti tanthauzo la chiganizo chonse lam'tembenukira.

Tiyambe tachotsa kaye nkhani ya Old English. Chimenecho ndi chinenero cha zaka za m'ma 1100 zisanafike, ndipo ngakhale Mngelezi wa ku London lero sangachiwerenge popanda kuchiphunzira ngati chinenero chachilendo. Pambuyo pake panabwera Chingerezi cha nthawi ya Geoffrey Chaucer, yemwe anamwalira mu 1400. William Shakespeare anabadwa mu 1564 ku Stratford-upon-Avon, namwalira mu 1616, ndipo chinenero chake akatswiri amachitcha Early Modern English, cha kuyambira cha m'ma 1500 mpaka cha m'ma 1700. Ndi Chingerezi chomwechi chili m'mabuku a ana anu, koma chisanakhazikike. Macbeth inalembedwa cha m'ma 1606, ndipo inasindikizidwa koyamba mu 1623 m'buku lalikulu la masewero 36 lomwe anzake awiri a m'gulu la zisudzo, John Heminges ndi Henry Condell, anasonkhanitsa iye atamwalira. Tsegulani tsamba lililonse muwerenge ndi ana mawu amodziamodzi. Adzaona okha kuti ambiri ndi omwe anawaphunzira ku pulayimale.

Tsopano taonani mawu odziwika aja mmene amapusitsira. Mu Act 4 Scene 2 munthu wina akuthamangira kwa Lady Macduff n'kunena kuti "I doubt some danger does approach you nearly." Mwana wa lero amva kuti munthuyo akukayika zoti kuli choopsa, ndiye kuti mayiyo akhale phee. Komatu "doubt" apa ndi kuopa: ndikuopa kuti zoopsa zakuyandikirani, thawani. Mu Scene yomweyo Lady Macduff akudandaula za mwamuna wake kuti "He wants the natural touch." Sakunena kuti Macduff akufuna kanthu. "Want" ndi kusowa: alibe chikondi chachibadwa chimene ngakhale kambalame kamakhala nacho pa ana ake. Malcolm pofotokoza imfa ya Thane (mwini dera) wa Cawdor woyamba uja akuti anataya "the dearest thing he owed". Palibe ngongole pamenepa. "Owe" ankatanthauzanso kukhala mwini wa chinthu, ndipo chinthu chamtengo wapatalicho ndi moyo wake. Duncan akamalamula kuti "pronounce his present death", akuti aphedwe pompano, ndipo "presently" m'masewerowa kawirikawiri ndi nthawi yomweyo, osati posachedwapa.

Awiri otsatirawa amasintha ngakhale yankho la pa mayeso. Hecate, mkulu wa afiti, akuti "security is mortals' chiefest enemy". Mwana akamasulira kuti chitetezo ndiye mdani wamkulu wa munthu, chiganizocho chimasanduka chopanda mutu. "Security" ya nthawi imeneyo ndi kudzidalira mopusa, kugona tulo poganiza kuti palibe chingakuchitikire, ndipo ndi matenda enieni amene akupha Macbeth atamva za nkhalango ya Birnam ndi za munthu wosabadwa mwa mkazi. Ndipo Malcolm akamatcha Macbeth "luxurious", sakunena za moyo wamwanaalirenji. Akunena kuti ndi wachiwerewere.

Nanga "weird sisters", dzina la afiti atatu a m'seweroli? Ana alemba kuti alongo odabwitsa, kapena achilendo. Mawuwa anachokera ku "wyrd" ya Chingerezi chakale chija, kutanthauza zimene zinalembedwa kuti zidzamuchitikira munthu. Shakespeare anawatenga m'buku la mbiri la Raphael Holinshed, lomwe linatulukanso kachiwiri mu 1587, ndipo mmenemo akaziwa akufotokozedwa ngati milungu yaikazi yodziwa tsogolo. Buku la 1623 lija linalemba "weyward" ndi "weyard", ndipo ndi mkonzi Lewis Theobald mu 1733 amene anabwezeretsa kalembedwe ka "weird". Tanthauzo la lero loti chinthu chachilendo linadza pambuyo, ndipo sewero lomweli linathandiza kulibala, chifukwa anthu ankaona akazi oopsa aja pa bwalo n'kumaganiza kuti mawuwo akunena za maonekedwe awo. Mwana akadziwa izi amayamba kufunsa funso lenileni la seweroli: kodi akaziwa akungoona za m'tsogolo, kapena akum'kankha Macbeth kuti azichite?

Amene anaphunzira Romeo and Juliet akumbukira msampha wotchuka wa "wherefore art thou Romeo". Juliet sakufunsa kuti Romeo ali kuti. Akufunsa kuti n'chifukwa chiyani ali Romeo, mwana wa banja lodana ndi kwawo, n'chifukwa chake akupitiriza kunena zoti akane bambo ake ndi dzina lake. M'sewero lomwelo "nice" ndi chinthu chachabechabe: Friar Laurence akuti kalata ija "was not nice but full of charge", kutanthauza kuti sinali yamasewera. Hamlet akamaopseza kuti "I'll make a ghost of him that lets me", akuti apha amene am'tsekereze, osati amene am'lole. Tanthauzo limeneli la "let" lidakalipo mu pasipoti ya ku Britain, momwe muli mawu oti "without let or hindrance". Ndipo "cousin" musam'masulire kuti msuweni. Kwathu msuweni ndi mwana wa malume kapena wa azakhali basi, pamene iwo ankatchula choncho wachibale aliyense yemwe si wa bere limodzi. Lady Capulet akulira Tybalt kuti "my cousin", mpweya womwewo n'kunena kuti "my brother's child".

Koma chuma chachikulu chili pa mawu amene munawaika pamwamba pa mndandanda wanu, "thou". Ngati munalemba kuti "thou" ndi "you" n'chimodzimodzi, mwawamana ana chinthu chimene iwo angachimve bwino kuposa mwana wa ku England. "Thou" ndi iwe. "You" ndi inu.

Kalekale "thou" anali wa munthu mmodzi, "ye" ndi "you" wa anthu ambiri. Kuyambira zaka za m'ma 1200, potengera Chifalansa chimene olemekezeka ankayankhula, anthu anayamba kugwiritsa ntchito mawu a ambiri aja polemekeza munthu mmodzi, monga ife timachitira. Pofika nthawi ya Shakespeare "you" anali atafala moti ndiye anali mawu a masiku onse pakati pa anthu aulemu wawo. "Thou" anatsala pa mwana, pa wantchito, pa wokondedwa, pa munthu amene wakupsetsa mtima, pa mzimu, ndi pa chinthu kapena munthu amene ukuyankhula naye mumtima iye palibe. Kunena "thou" kwa munthu wosayenera chinali chipongwe chodziwika. Mu Twelfth Night, Sir Toby akulangiza mnzake amene akulemba kalata yoputa ndewu kuti "if thou thou'st him some thrice, it shall not be amiss", ngati kunena kuti um'tchule kuti iwe katatu, apse mtima. Pa mlandu wa Sir Walter Raleigh mu 1603, woimira boma Edward Coke anam'kalipira kuti "I thou thee, thou traitor". Ndipo a mpingo wa Quaker, womwe unayamba m'zaka za m'ma 1650, ankazunzidwa pa zifukwa zingapo, china mwa izo n'chakuti ankanena "thou" kwa aliyense, ngakhale woweruza milandu, pokhulupirira kuti anthu onse ndi ofanana.

Ndiye tengani Act 1 Scene 7 muiwerenge ndi khutu la Chichewa. Macbeth wanena kuti zopha mfumu zija azisiye. Mkazi wake akuyamba ndi inu: "Was the hope drunk wherein you dress'd yourself?" Mizere ingapo chabe, wasintha: "Such I account thy love. Art thou afeard". Wafika pa iwe. Kenaka, atam'baya kale, akubwerera pa inu wozizira: "When you durst do it, then you were a man". Auzeni ana awiri, mnyamata ndi mtsikana, aseweretse gawo limeneli m'Chichewa, mkazi ayambe ndi "kodi inu", afike pa "ukuopa iwe?", abwerere pa "munali mwamuna nthawi ijayi". Simudzafunika kufotokoza kuti Lady Macbeth akum'panikiza bwanji mwamuna wake. Kalasi lonse lidzafuula lokha.

Act 3 nayo ili ndi zake. Banquo ali yekha akuyankhula za Macbeth mumtima kuti "Thou hast it now", wapeza zonse iwe. Mfumu ikangolowa, pakamwa pake pakutuluka "your highness". Macbeth naye akum'funsa mwaulemu, "Ride you this afternoon?", "Goes Fleance with you?", kwinaku akufufuza njira yoti am'phere. Atangotsala yekha akuti "Banquo, thy soul's flight". Ndipo mzukwa wa Banquo ukakhala pa mpando wa Macbeth pa phwando paja, ulemu wonse watha: "Thou canst not say I did it". Anthu awiriwa amanenana iwe kumbali, inu pamaso. Mutu wa chinyengo umene ana amaulemba m'mayankho awo, uja woti nkhope ibise zimene mtima ukudziwa, uli kale m'timawu tating'onoting'onoti.

Ndikuchenjezeni pang'ono: si kusintha kulikonse kumene kuli ndi tanthauzo. Nthawi zina wolemba ankasankha mawu amene akukwana mu mzere, ndipo pali malo amene mabuku awiri akale a sewero limodzi amasiyana, lina "thine" lina "yours". Ana asamafinye tanthauzo paliponse. Koma kusintha kukachitika pakati pa mkangano, kapena munthu akangotsala yekha, pamenepo imani.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza makamaka ana okulira m'tchalitchi. Iwo anamva "hallowed be thy name", ndipo m'Chichewa amapemphera kuti "dzina lanu liyeretsedwe". Ndiye amaganiza kuti "thy" ndi mawu aulemu waukulu, oyenera Mulungu ndi mafumu. Zoona zake n'zosiyana. Baibulo la King James la 1611 linatsata William Tyndale, yemwe Chipangano Chatsopano chake chinasindikizidwa mu 1526, ndipo omasulirawa ankagwiritsa ntchito "thou" paliponse pamene Chihebri kapena Chigiriki chikunena munthu mmodzi, kaya ndi Mulungu, kaya ndi kapolo, kaya ndi Satana amene akuuzidwa kuti "Get thee behind me". Omasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, anatsata mwambo wathu woti wamkulu sanenedwa iwe. "Thou" atatha m'kamwa mwa anthu n'kutsala m'mapemphero ndi m'nyimbo zokha, anayamba kumveka wopatulika. Mwana amene akuganiza choncho adzamva ngati Macbeth akulemekeza wantchito amene akum'tukwana kuti "thou cream-faced loon". Kumpoto kwa England, ku Yorkshire ndi ku Lancashire, achikulire ena mpaka pano amati "tha" kwa mnzawo wapamtima.

Zotsala za galamala n'zochepa, ndipo phunziro limodzi likwana. Mneni wotsatira "thou" amathera ndi "-st" kapena "-t": "thou hast", "thou canst", "thou art", "thou wilt". Pa munthu wachitatu panali mathero awiri, "-eth" yakale ya kumwera ndi "-s" yomwe inachokera kumpoto n'kumalanda malo. Shakespeare ankagwiritsa ntchito zonse ziwiri, ngakhale mu mzere umodzi: Portia mu The Merchant of Venice akuti chifundo "blesseth him that gives and him that takes". "Hath" ndi "doth" ndi amene anakanirira nthawi yaitali. Funso linkafunsidwa popanda "do", monga "Know you not he has?" "An" nthawi zambiri ndi ngati, "ere" ndi chisanachitike, "hither" ndi kuno, "thither" ndi uko, "whence" ndi kuchokera kuti. "Methinks" si galamala yothyoka. Tanthauzo lake ndi zikundionekera kuti. Ndipo "o'er", "ne'er", "'tis" ndi mawu odulidwa kuti mzere ukwane maphatikizo khumi, omwe ndi muyeso wa ndakatulo za m'masewerowa. Muyeso womwewo ndi umene umachititsa kuti mawu asinthane malo m'chiganizo. Mwana akasochera, apeze kaye mneni, afunse kuti akuchita ndani, kenaka awerenge mpaka pa mpumiro, osati pothera mzere.

Funso lanu lachiwiri, loti kodi anthu ankayankhuladi chonchi, yankho lake ndi eya pang'ono, ayi pang'ono. Palibe amene ankagula nsomba pa msika wa ku London m'mizere ya maphatikizo khumi. Pa bwalo la zisudzo ngati Globe, lomwe linamangidwa mu 1599, munkamveka Chingerezi cha mitundu yosiyana, ndipo oonera ankazisiyanitsa.

Chapafupi ndi cha mumsewu ndi cha anthu ngati mlonda wa pachipata mu Act 2 Scene 3, woledzera uja. "Anon, anon" wake ndi mawu a wantchito amene akuitanidwa, monga kunena kuti ndikubwera, ndikubwera. "Marry" amene akuyamba naye yankho lake sakukhudza ukwati. Ndi lumbiro lofewa lochokera ku dzina la Mariya. Malumbiro amphamvu anali "zounds", chidule cha mabala a Mulungu, ndi "'sblood", magazi a Mulungu. Mu 1606 nyumba ya malamulo inakhazikitsa chindapusa cha mapaundi 10 kwa wosewera aliyense wotchula dzina la Mulungu mwachibwana pa bwalo, ndalama zambiri zedi nthawi imeneyo. N'chifukwa chake Othello yosindikizidwa mu 1622 ili ndi Iago akuyamba ndi "'Sblood", pamene ya 1623 mawuwo mulibe. Mlonda yemweyo akutchula "equivocator", ndipo oonera a 1606 ankadziwa amene akunenedwa: chaka chimenecho wansembe Henry Garnet anaweruzidwa n'kuphedwa pa mlandu wokhudza chiwembu cha 1605 chofuna kuphulitsa nyumba ya malamulo, ndipo pa mlanduwo panamveka kwambiri za chiphunzitso choyankha mozungulira kuti usaname koma usaululenso. Ndi zomwe afiti ndi mizimu yawo akum'chita Macbeth.

Ndiye panali mawu omwe kwa iwo sanali akale m'pang'ono pomwe, koma atsopano kwambiri. M'zaka zimenezo olemba ankatunga mawu ambirimbiri ku Chilatini, ndipo ena ankanyansidwa nazo, n'kumawatcha "inkhorn terms", mawu a m'botolo la inki. Thomas Wilson anawadzudzula m'buku lake la 1553. Mawu ovutawa anachuluka mpaka Robert Cawdrey mu 1604 anatulutsa dikishonale yoyamba yomasulira Chingerezi m'Chingerezi, ya mawu pafupifupi 2,500, ndipo pa chikuto analemba kuti ndi yothandiza amayi ndi ena osaphunzira kwambiri. Ben Jonson anafika poseka nazo pa bwalo. Mu Poetaster ya 1601, wolemba ndakatulo wina wodzitama akumwetsedwa mankhwala n'kuyamba kusanza mawu ake mu beseni, amodziamodzi. Ena mwa masanziwo anafadi, monga "oblatrant" ndi "furibund". Koma m'beseni lomwelo munali "strenuous", "spurious", "conscious", "reciprocal" ndi "clumsy", amene lero ana anu amawalemba mu chimangirizo popanda kuphethira. Jonson anali katswiri, koma pa kulosera mawu amene adzakhalitse anaphonya theka.

Shakespeare ankadziwa kuti m'bwalo muli ophunzira okhala pa mipando ndi anthu wamba oimirira pansi atalipira peni imodzi, ndipo kawirikawiri ankadyetsa onse. Macbeth atayang'ana magazi m'manja mwake akuti dzanja lake lidzachititsa "the multitudinous seas incarnadine", kenaka mzere wotsatira akubwereza zomwezo m'mawu a mwana: "making the green one red". Aphunzitseni ana chizolowezi chimenechi. Akakumana ndi mawu aatali oopsa, asathamangire dikishonale. Awerenge mzere wotsatira, chifukwa nthawi zambiri wolemba wamasulira yekha. Apa ndionjezepo kuti nkhani imene imayenda yoti Shakespeare anapeka yekha mawu zikwi muziimva mosamala. Amene analemba dikishonale yaikulu ya Oxford ankawerenga mabuku ake mwakhama kuposa a anthu ena, ndiye mawu ambiri anaoneka ngati anayambira kwa iye. Mabuku akale atayikidwa pa kompyuta, ambiri mwa mawuwo apezeka kuti ena anawalemba kale iye asanatero.

Mtundu wina ndi umene ungatchedwedi wakale, chifukwa unali wakale ngakhale kwa Shakespeare. Mawu monga "hight", kutanthauza wotchedwa, "eke", kutanthauza komanso, ndi "eyne" m'malo mwa "eyes", anali atatha kale m'kamwa mwa anthu. Edmund Spenser anawadzutsa dala m'ndakatulo zake kuyambira 1579, ndipo Jonson yemwe uja anam'nena kuti potsanzira makolo sanalembe chinenero chilichonse. Shakespeare amawagwiritsa ntchito pofuna kuti mizere imveke mofanana kumapeto, kapena pofuna kuseketsa. Mu A Midsummer Night's Dream amisiri osaphunzira akukonza sewero lawo, ndipo kuti limveke lapamwamba akulidzaza ndi mawu otere: "which Lion hight by name". Oonera ankaseka chifukwa ankamva kuti anthuwa akudzikweza ndi mawu a agogo. Momwemonso Pistol mu Henry IV gawo lachiwiri amabwebweta mizere yopotoka ya Tamburlaine wa Christopher Marlowe, sewero lomwe linali litatchuka zaka khumi m'mbuyomo. Wowerenga wa lero amene akuona zonse ngati Chingerezi chakale chimodzi samva nthabwalayo, ndipo ndi chifukwa china chimene sindikondera mndandanda woloweza: umasakaniza mawu a mlonda, a mfumu ndi a chitsiru m'thumba limodzi.

Palinso mawu amene si ovuta chifukwa cha chinenero koma chifukwa zinthu zake zinapita. "Thane" ndi udindo wa ku Scotland, mwini dera wolamulira m'malo mwa mfumu. "Kerns and gallowglasses" ndi asilikali a ku Ireland ndi zilumba za kumadzulo kwa Scotland, oyamba onyamula zida zopepuka, achiwiri onyamula nkhwangwa zazikulu. Madokotala a nthawiyo ankakhulupirira kuti khalidwe la munthu limachokera ku timadzi tinayi ta m'thupi, totchedwa "humours", ndipo kulimba mtima ankati kumakhala m'chiwindi chodzaza magazi. Choncho Macbeth akamatcha mnyamata wamantha kuti "lily-liver'd", akuti chiwindi chake chayera ngati duwa, mulibe magazi. Amene anakhalako ku Joni adziwa kuti m'Chizulu "isibindi" ndi chiwindi komanso kulimba mtima. Mawu ngati awa safuna kuloweza, amafuna kankhani kamphindi imodzi, ndipo mwana sadzaiwalanso.

Ndiye bolodi lanu ligaweni. Mbali yaing'ono ikhale ya "hath", "doth", "ere", "anon" ndi anzawo, omwe sapitirira makumi angapo ndipo amabwerezedwa tsamba lililonse mpaka ana kuwazolowera okha. Mbali yaikulu ikhale yopanda kanthu poyamba, ndipo ana eni ake azilembapo mawu odziwika amene awagwira akunama, pamodzi ndi mzere umene awapezamo. Lamulo lake ndi limodzi: chiganizo chikamveka chosemphana ndi zimene zikuchitika, wolakwa amakhala mawu amene ukuwakhulupirira kwambiri. Ngati sukulu ili ndi intaneti, buku la David Crystal ndi Ben Crystal la 2002, Shakespeare's Words, lili ndi tsamba lake, ndipo limasonyeza matanthauzo onse a mawu amodzi ndi malo ake. Muwaletsenso ana kutenga "methinks" ndi "thou" kukakometsera chimangirizo kapena kalata. Wolemba mayeso amafuna kuona kuti mwana wamva mzere n'kuufotokoza m'Chingerezi cha lero.

Poyambira pabwino ndi Act 4 Scene 2, chifukwa ndi yaifupi ndipo zambiri zimene tanenazi zilimo. Muli "wants" ndi "doubt". Ross akutcha Lady Macduff "coz" ndi kamnyamata "cousin". Mayi akuitana mwana wake "sirrah", mawu oitanira wamng'ono kapena wantchito, akuyamba naye ndi "you" ngati akucheza ndi munthu wamkulu, kenaka chisoni chikam'gwira akuti "Poor bird, thou'ldst never fear the net". Mwanayo, ngakhale akuyankha mochenjera, mayi ake akuwatchula "you" kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Munthu yekhayo amene akum'nena iwe ndi chigawenga chimene chatcha bambo ake woukira: "Thou liest". Afunseni ana kuti m'mudzi mwawo mwana wa msinkhu umenewo angauze liti munthu wamkulu wachilendo kuti ukunama iwe, ndipo alembe ndime imodzi ya zimene mawu awiriwo akuonetsa za mwana wa Macduff.